Mkono Wobwereka

Lamlungu madzulo, m'kachipinda kosokera momwe ulusi umagwera ngakhale m'kapu ya tiyi, Telala anakhazika mwamuna wake pampando n'kutulutsa makina oyezera BP amene anabwereka kwa mlamu wake. Mwamunayo, Dalaivala wa basi, ankayenera kukapereka mawa lake kwa dokotala wa kuntchito pepala la mabokosi khumi ndi anayi, m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, kuti aone ngati asunge makiyi a basi kapena amulande, koma mkuluyu anali atazemba sabata yonse ndipo mabokosi onse anali mbee.

"Khalani bwino, bambo. Msana utsamire mpando. Mapazi onse pansi."

"Zaka makumi awiri ndili pampando, anthu makumi asanu ndi limodzi kumbuyo kwanga. Lero wondiphunzitsa kukhala ukhale iwe?"

"Si ine. Ndi pepala." Telala anakankhira magalasi pamphuno. "Likuti mukhale chete mphindi zisanu musanayeze."

"Chabwino."

"Mwayankhula. Tiyambirenso."

"Ndangoti chabwino!"

"Mwayankhulanso."

Dalaivala anatseka pakamwa n'kuyang'ana kudenga. Telala anayang'ana wotchi ya pakhoma. Mphindi ziwiri zinadutsa bwinobwino, zomwe m'nyumba imeneyi zinali zodabwitsa kale.

"Koma iwe, wotchi imeneyi imachedwa."

"Tiyambirenso."

"Aaa! Kodi ndili kundende?"

"Kundende sindinafikeko. Pepala langoti chete."

"Pepala, pepala! Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindikumva kalikonse. Mutu uli bwino, maso ali bwino, chakudya chikulowa."

Telala anatsitsa chala pamzere wina. "Mwachita bwino kukumbutsa. Likutinso mupite kuchimbudzi musanayeze. Mwamva m'mimba?"

"Ndi mwambi, mayi iwe!"

"Ndiye simupita?"

"Sindipita!"

"Chabwino. Chakudya kulowa ndiye ndikuchitira umboni. Koma zosamva kupwetekazo anesi amene anakupatsani pepalali ananena kale. Anati BP sigogoda pachitseko. Imangolowa, n'kumadya mtima, impso, maso, mwini wake akuseka ndi anzake pa depoti."

"Anesi aja ndi mwana wadzulodzulo. Ndinayamba kuyendetsa basi iye akuyamwa chala."

"Anatinso pali zinthu zisanu zoyendera limodzi. Shuga kukwera, mafuta oipa kuchuluka m'magazi, mafuta abwino kuchepa, BP, ndi mimba. Munthu akakhala ndi zitatu, basi, thupi lake lili pangozi."

"Ine ndili ndi zingati?"

"Shuga anaipeza. Mafuta anawapeza."

"Ziwiri! Waona? Sindinakhoze mayeso awowo. Chotsa makinawa."

"Kwatsala mimba."

"Mimba iti?"

Telala anangoyang'ana pamene shati ya mwamuna wake inkalimbana ndi mabatani, kenaka anavula tepi yoyezera imene imakhala m'khosi mwake ngati mkanda.

"Imirirani."

"Usataye nthawi. Chiuno changa ndi 34. Ndinakukwatira ndili 34, ndidzafa ndili 34."

"Imeneyo ndi nambala ya buluku. Pepala likuti tiyeze pamchombo."

"Mchombo wayamba liti kukhala chiuno? Yeza pamene pali lamba."

"Lamba anasamuka kalekale, bambo. Akukhala kunsi kwa phiri. Kwezani manja. Musakoke mimba."

"Sindikukoka."

"Nanga bwanji maso atuzuka? Pumani."

Dalaivala anapirira mpaka anafuna kukomoka, kenaka mpweya unatuluka wonse kamodzi, tepi n'kutsetsereka m'zala za Telala.

"44."

"Tepi yako inafota! Umaisiya padzuwa."

"Tepi yomweyi ndinayezera suti ya abusa."

"Nanga buluku la 34 likundikwana bwanji? Yankha pamenepo, mayi wa masamu!"

"Chifukwa chaka chilichonse ndimalisula kumbuyo n'kuwonjezera nsalu. Ili lokha ndaliwonjezera kanayi. Chimene chatsala cha kusitolo ndi kansalu kolembedwa 34 kokhako."

Dalaivala anapotoloza khosi kufuna kuona kumbuyo kwake, koma zinakanika. Anakhala pansi mwakachetechete ngati munthu amene wamva kuti mwana amene ankamunyadira si wake. Telala sanataye mwayi umenewu. Anayang'ana wotchi, ndipo mphindi zisanu zitakwana anamanga lamba wa makina pamkono wamanzere n'kudina batani. Makina analira, lamba anafufuma, kenaka anaphwa.

"168 pamwamba. 102 pansi."

"Ndiye zabwinotu. Nambala zazikuluzikulu."

"Dokotala akufuna zosafika 140 ndi 90."

"Dokotala amadziwa chiyani za katundu? Tamvera. Tayala la njinga ndi tayala la basi, mpweya wake umafanana?"

"Ayi."

"Eya! Ine ndine tayala la basi. Ndikusenza iweyo, ana atatu, amayi ako, ndi mlongo wako uja amene anabwera kudzacheza masiku awiri chaka chatha. Ufuna ndiyende ndi mpweya wa njinga?"

"Nanga tayala la basi mukalipopa mopitirira limatani?"

"Limaphulika, funso lanji limenelo?"

"Ndilembe kuti mwavomera?"

"Usalembe! Ika bolopeni pansi!"

"Ndiyenera kulemba. Bokosi la Lamlungu madzulo."

"Dikira kaye, mkazi wanga." Mawu a Dalaivala anafewa mwadzidzidzi, monga amachitira akaimitsidwa ndi apolisi apamsewu. "Iwe ndiwe telala wodziwika. Munthu akabwera ndi diresi lalikulu, umatani?"

"Ndimalibweza."

"Eya. Ndiye nambalayinso ingoibweza pang'ono. M'mbalimu. Ikhale 128."

"Diresi ndimabweza ndi sizasi. Nambala ndiibweze ndi chiyani?"

"Ndi bolopeni!"

"Bolopeni sidula."

"Ndikutanthauza kuti ulembe 128!"

"Makina anena 168."

"Makina alibe pakamwa! Sakapita kukakuneneza kwa dokotala!"

"Ndiye ndilembe zimene sanane?"

"Ambuye, ndipatseni mtima! Inde!"

"Bambo, ine ndinalembapo kamodzi kokha muyeso wabodza. Mkwatibwi anandipempha kuti ndilembe 30 pamene tepi ikuti 36, ati adzaonda. Zipi inaphulika ali kutsogolo kwa tchalitchi. Mpaka lero amayi ake sandipatsa moni."

"Ine si mkwatibwi!"

"N'zoona. Iye anali 36 yokha."

Dalaivala anaimirira, anazungulira makina osokera kawiri, anaponda mapini, anatukwana pini, n'kubwerera pampando.

"Chabwino. Makinawa andidzidzimutsa. Koyamba munthu amachita mantha. Tiyeze kakhumi ndi kanayi pompano, tidzaze mabokosi onse, tisankhe zokongola."

"Bokosi loyamba ndi la Lolemba m'mawa."

"Ndiye?"

"Lero ndi Lamlungu."

"Magazi amadziwa kalendala?"

"Lolemba m'mawa ndinakutsatirani ndi makinawa mpaka pageti. Munati mwachedwa. Lachiwiri munati mkono watopa. Lachitatu munati munthu sayezedwa mvula ikugwa. Lachinayi munabisala kubafa mphindi makumi anayi."

"Ndinkasamba!"

"Mpopi unali wouma kuyambira Lachitatu."

"Tayeza, iwe!"

"Kakhumi ndi kanayi, ulendo uliwonse mphindi zisanu muli chete. Ndiye kuti ola lathunthu ndi mphindi khumi osatsegula pakamwa." Telala anachotsa magalasi n'kumuyang'ana mwachifundo. "Bambo, inu mumayankhula ngakhale m'tulo. Mumaitanira anthu basi."

"Yeza kamodzi kokha ndiye! Ndaphwa tsopano. Ndili phee ngati madzi a mumtsuko."

Anakhaladi chete mphindi zisanu, koma ndi nkhope ya munthu amene akutukwana mumtima. Mitsempha ya pachipumi inali itaima. Makina analira, lamba anafufuma.

"174. Pansi 104."

"Yakwera?"

"Ndi zisanu ndi chimodzi."

"Ndakhala chete ndipo yakwera! Waona? Kukhala chete n'kumene kukundipha! Ndakhala ndikunena zaka zonsezi!"

"Mwina ndi soseji zitatu za m'mawa zija."

"Zinali ziwiri."

"Yachitatu munadyera kukhitchini mutaimirira."

"Chodyera choimirira sichiwerengedwa."

"Ndi mchere umene mumathira musanalawe n'komwe. Ndi zakumwa zotsekemera zimene mumabisa pansi pa mpando wa basi. Kondakitala wanu anandiuza, atabwera kudzasoketsa thumba la shati."

"Yudasi ameneyo! Mawa akwera padenga."

"Mawa mukhala ndi basi?"

Funso limeneli linagwa ngati mwala m'chitsime. Dalaivala anayang'ana manja ake, manja akuluakulu okhala ndi zikang'a za chiwongolero. Kunena zoona, mkuluyu anali ndi mantha, ndipo mantha ake sanali a imfa ayi. Ankaopa ndowa ndi burashi.

"Ukudziwa kumene amatumiza dalaivala wolandidwa makiyi?" anatero motsitsa mawu. "Kuseri kwa depoti, kukatsuka mabasi. Ine, wovala jombo za mphira, ndikupukuta galasi, mwana amene ndinamuphunzitsa kulowetsa giya atakhala pampando wanga n'kumandiuza kuti, 'Madala, apa mwasiya dothi.'"

"Mnzanu wa basi ya m'mawa uja sanatsuke mabasi."

"Usamutchule."

"Anakana mapiritsi, ati amafooketsa mwamuna. Sitiroko inamugwira akutsika masitepe a basi. Lero mkono uli lende, pakamwa panapotoka, akazi ake amamumwetsa madzi ndi supuni. Mwayi wake basi inali itaima. Ikanakhala pamsewu, ndi anthu makumi asanu ndi limodzi aja?"

"Uja anali wonenepa."

Telala anayang'ana tepi. Dalaivala anayang'ana kumbali. Kenaka maso ake anagwera pamkono wa mkazi wake, kamkono kowonda ngati ndodo ya tsache, ndipo nkhope yake inawala ngati ya munthu amene watola chikwama pamsewu.

"Mkazi wanga. Duwa langa."

"Mwayamba kudwala?"

"Iwe sudya soseji."

"Mumatha inu ndisanakhale pansi."

"Suthira mchere wapambale. Sumwa zotsekemera. Chiuno chako n'chingati?"

"29."

"Za BP unayezetsa liti?"

"Ndili ndi pakati pa mwana womaliza. Zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Ndikayezetsenso chiyani, ine wosadwala?"

"Eya! Munthu wa magazi aulemu. Ndibwereke mkono."

"Mupite nawo kuti?"

"Sindipita nawo kulikonse! Umange makinawa pamkono wako, nambala imene ituluke uilembe m'bokosi langa. Mutu umodzi susenza denga."

"Denga lili bwino. Munakhoma chaka chatha."

"Mayi iwe, tandimvera!"

"Pepalali lili ndi dzina lanu. Mkonowu ndi wanga. Limenelo ndi bodza lomwe lija la mkwatibwi."

"Si bodza!" Dalaivala anaimika chala ngati mlaliki. "Tsiku la ukwati wathu, abusa anati chiyani?"

"Anati mwachedwa ndi maola awiri."

"Pambuyo pake!"

"Anati tayi yanu yapotoka."

"Pambuyo pakenso! Atatigwiranitsa manja!"

Telala anaganiza. "Anati salinso awiri, koma thupi limodzi."

"Bwerezanso!"

"Thupi limodzi."

"Thupi limodzi lili ndi BP zingati?"

Telala anali munthu amene mawu olembedwa sawatsutsa, ndipo tsopano anali ndi mapepala awiri otsutsana, la anesi ndi la abusa. Anayang'ana la anesi kutsogolo, analitembenuza kumbuyo.

"Pano sanalembe za thupi limodzi."

"Wamkulu ndani, anesi kapena abusa?"

"Abusa."

"Ndiye ukufuna kutsutsa abusa? Iwe, wa kwaya?"

"Koma mabokosi a Lolemba mpaka Loweruka sindilemba. Masiku amenewo anapita."

"Lemba la lero lokha! Enawo ndikanena kuti makina analibe mabatire. Dokotala akangoona nambala imodzi yokongola, mtima wake ukhala pansi."

"Ndilemba chilichonse chimene chituluke."

"Ndicho ndikufuna!"

"Ndi bolopeni."

"Ndi bolopeni, udinde mwamphamvu! Ndipo ulembe ndisanaone n'komwe, chifukwa ndimakudziwa, ukhoza kusintha maganizo pakati panjira. Lumbira."

"Sindilumbira. Ndanena kuti ndilemba."

Anasinthana malo. Telala anakhala pampando, msana kutsamira, mapazi onse pansi. Dalaivala anamumanga lamba uja, ndipo lambayo anazungulira kamkonoko mpaka kutsalako.

"Chete mphindi zisanu!" analamula, akusisita m'manja. "Ukatsokomola tiyambiranso."

Telala sanatsokomole. Amene anavutika ndi Dalaivala, yemwe anayendayenda m'chipindamo akuimba mluzu, akuyesa kale mmene akalowere kwa dokotala mawa, chifuwa patsogolo, makiyi akulira m'thumba. Nthawi itakwana anadina batani n'kutembenukira kukhoma, manja kumbuyo.

"Walemba?"

"Ndikulemba."

"Wadinda?"

"Mpaka yaonekera kuseri."

"Werenga, ndimve kukoma."

"186. Pansi 112."

Mluzu unathera pakati. Dalaivala anatembenuka pang'onopang'ono.

"Wati bwanji?"

"186 pamwamba, 112 pansi. Lamlungu madzulo. Ndasainira."

"Fufuta!"

"Ndi bolopeni."

"Ndipatse nambala yanga ija! 168 ija! Ngakhale 174, ndilandira!"

"Bokosi ndi limodzi."

"Iwe, wandipha! Ndi nambala imeneyi sandipatsa ngakhale burashi! Andigoneka pompo!"

"Munati ndisatsutse abusa."

"Abusa sanayezepo BP ya munthu! Iwe, waitenga kuti nambala yotereyi? Mimba ulibe! Soseji sudya!"

"Anesi anati ngakhale owonda imawagwira. Ena ndi ya kumtundu. Ena ndi kukhala pansi tsiku lonse, ngati ine pamakinawa. Ena ndi nkhawa."

"Nkhawa yanji imene uli nayo iwe?"

Telala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osafulumira, monga amachitira ndi kasitomala asanadule nsalu.

"Ndiyankhe?"

"Usayankhe."

Dalaivala anatenga makina aja n'kuyang'anitsitsa manambala, ngati kuti akawaopseza atsika. Sanatsike. Anayezanso mkono winawo, mwini wake osatsutsa, ndipo inatuluka 184. Mkuluyu anakhala pa mulu wa nsalu za makasitomala, chinthu chimene tsiku lina lililonse chikanamutengera mawu okwana sabata, koma Telala sanazione n'komwe. Nayenso anali akuyang'ana kamkono kake ngati ka mlendo.

"Mutu sukupweteka?" anafunsa Dalaivala.

"Ayi."

"Maso? Chifuwa? Dzanzi?"

"Palibe. Madzulo ena ulusi umandivuta kulowetsa pasingano, koma ndimati ndi magalasi."

"Ndipo sunandiuze?"

"Mumakhala mukuyankhula."

Ndowa ndi burashi zija zinachoka m'mutu mwa Dalaivala, m'malo mwake munalowa chipinda chomwechi chili zii, makina osokera ataphimbidwa ndi nsalu. Mantha amenewa ndiwo anali enieni. Anadzuka, anachotsa tepi m'khosi mwa mkazi wake, anaipinda bwinobwino n'kuiika m'kabati.

"Lero susokanso."

"Diresi la aphunzitsi likufunika mawa."

"Aphunzitsi avale la dzulo. Mchere uja ndikautaya. Soseji zatsala zija ndikapatsa galu wa aneba, afe ndi iyeyo. Kuyambira mawa tiziyenda wapansi madzulo aliwonse, mpaka kumapeto kwa msewu n'kubwerera."

"Inu? Munthu amene mumakwera basi popita kukagula machesi?"

"Ndanena! Ndipo m'mawa tipitira limodzi kwa dokotala. Ndikamuuza zonse. Kuti ndinazemba sabata yathunthu, kuti yanga ndi 168, kuti ya papepalayi ndi ya mkono wobwereka. Mapiritsi akandipatsa ndimwa pamaso pake. Makiyi akafuna, atenge."

Telala anavula magalasi. Maso ake anali atanyowa, ndipo anawapukuta ndi kachidutswa ka diresi la aphunzitsi.

"Bambo, zaka zonsezi sindinkadziwa. Mpaka kutaya basi chifukwa cha ine? Ndiye kuti mumandikondadi chonchi?"

"Ndani wanena zotaya basi?" anatero Dalaivala, akupinda pepala lija n'kuliika m'thumba la shati. "Ukayambe kulowa ndiwe. Dokotala akangoona yakoyo, yangayi aiona ngati ya khanda."